Timu yaing'ono imafa Lachitatu

Lamlungu masana pabwalo la pasukulu pamakhala pakuda bii ndi anthu. Ana ali m'mitengo ya mango, amayi a zitumbuwa ayala malonda kuseri kwa golo, a kabaza andanditsa njinga m'mbali mwa mzere, ng'oma ikulira. Ukaona zimenezi umati timuyi ili ndi eni ake ambiri. Koma mudzabwere Lachitatu, tsiku limene mlembi amaimba mafoni kusaka ndalama ya minibasi ya ulendo wa Loweruka. Mwa anthu onse aja, oyankha foni sakwana asanu. Matimu ambiri a m'maligi a m'zigawo, kaya ndi a SRFA kummwera, CRFA pakati kapena NRFA kumpoto, amatha chifukwa cholephera kufika kumasewero. Kugonja kokha sikunathetsepo timu.

Choncho amene akuti ndi sapota weniweni ayambe ndi kuwerengera ulendo. Timu ikamachoka pakhomo imanyamula osewera 18, kochi, timu manija, wa chithandizo choyamba ndi wosunga mayunifomu. Ndi anthu 22 amenewo. Minibasi imodzi sangakwanemo, pafunika ziwiri kapena kosita imodzi. Ngati ligi yanu ili ndi matimu 16, maulendo ndi 15 pa chaka, osawerengera a m'zikho monga FDH Bank Cup ngati mwalowamo. Ndandanda wa masewero ukangotuluka, khalani pansi ndi mwini galimoto mmodzi wodalirika, mugwirizane mtengo wa ulendo uliwonse, mulembe. Pamwamba pake onjezerani kachigawo, chifukwa mafuta amakwera ligi ili mkati ndipo nthawi zina amasowa kumene. Dalaivala azikhala atathira mafuta pofika Lachinayi. Kufunafuna galimoto m'mawa wa tsiku lamasewero ndi kumene kumachititsa kuti anyamata akwere lole ya mchenga, afike atatopa, ena atapsa ndi dzuwa, mpira n'kuyamba asanatenthetse thupi. Mukalephera kufika, mapointi atatu amapita kwa anzanu, chindapusa chimabwera, ndipo mukabwereza mutha kuchotsedwa mu ligi.

Ndalamayo ichokera kuti? Matimu ambiri amatsamira pa munthu mmodzi: mwini golosale wamkulu wa patauni, kapena wina amene akufuna uphungu. Thandizo lawo landirani, koma musamangirepo nyumba. Wandale amagula mayunifomu ndi kuyambitsa bonanza chisankho chikamayandikira, mavoti akawerengedwa foni yake imasiya kupezeka. Wabizinesi naye chaka chikamuvuta amayamba ndi kudula za mpira. Chimene chimakhalitsa ndi ndalama yochepa ya anthu ambiri, yobwera mwezi ndi mwezi. Anthu 100 opereka K2,000 pa mwezi ndi K200,000. Wina akasiya, dzenje lake silioneka. Tsiku lopereka likhale lodziwika, monga sabata yoyamba ya mwezi pamene aphunzitsi ndi ena apantchito alandira, ndipo alimi aloledwe kupereka za miyezi ingapo pakamodzi akagulitsa mbewu. Thumba la chimanga kapena la nyemba nalonso ndi chopereka, lilembedwe m'buku mofanana ndi ndalama. Anzanu a m'dera amene ali ku Johannesburg kapena Cape Town ambiri amafuna kuthandiza, chimene amaopa ndi kudyeredwa.

Ndipo mantha awowo ali ndi chifukwa. Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwera. Ndalama za timu zisamalowe pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu imene amaguliranso ndiwo za kunyumba kwake. Ngakhale atakhala mkulu wampingo, tsiku lina mwana adzadwala usiku, adzabwerekapo ndi mtima wobweza, ndipo nkhani idzayambira pomwepo. Pakhale nambala ya timu yokha, foni yake izisungidwa ndi msungichuma, ndipo ndalama zikachuluka zizipita ku akaunti ya kubanki ya anthu atatu osainira, awiri mwa iwo akhale okwanira kutapa. Pakhalenso kope lachikuto cholimba: tsiku, zolowa, zotuluka, wolandira, siginecha. Lolemba lililonse msungichuma ajambule tsamba la sabatayo aike pa gulu la WhatsApp. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi imatseka pakamwa anthu onong'ona, ndipo wopereka akaona K2,000 yake pamzere, mwezi wamawa saumirizidwa.

Za pageti ndi nkhani ina. Bwalo lopanda mpanda simungalipiritsepo munthu, aliyense amangoima pamene wafuna. Ena amasoka masaka n'kuzinga bwalo pa mitengo ya bulugamu tsiku lamasewero, madzulo n'kuchotsa. Zimatheka, bola pakhale khomo limodzi ndi anthu awiri osiyana: wina wogulitsa matikiti a manambala, wina wong'amba. Munthu mmodzi akamagwira zonse ziwiri, tikiti imodzi imalowetsa anthu atatu. Powerenga ndalama pakhale anthu atatu, pomwepo, anthu asanabalalike. Ngati mpanda palibe, mbale iziyenda nthawi yopumulira, makamaka timu ikamatsogola, poti dzanja la sapota limamasuka ndi chigoli. Kuchokera m'ndalama zimenezi muyambe mwapatula za oyimbira ngati malamulo a ligi yanu akuti timu ya pakhomo ndiyo ilipire, ndipo aziperekedwa poyera, pamaso pa timu ya alendo.

Bwalo lenilenilo ndi ntchito ya masapota, osati ya osewera amene mawa akuyenera kuthamanga mphindi 90. Miyezo yake si yongoganizira. M'litali likhale pakati pa mamita 90 ndi 120, m'lifupi pakati pa 45 ndi 90, koma ngati mukulota zokwera, yesetsani kufika pa 105 ndi 68. Golo ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika. Penate imamenyedwa pa mamita 11, bokosi lalikulu limatuluka mamita 16.5, laling'ono 5.5, ndipo bwalo lapakati limazungulira pa mamita 9.15 kuchokera pakati. Kuti ngodya isapotoke, tengani chingwe, yezani mamita 3 mbali imodzi ndi 4 mbali inayo: pakati pa nsonga ziwirizo payenera kukwana mamita 5 ndendende. Mukakhoza kamodzi, khomani zikhomo m'ngodya zonse mpaka zimire pansi pa dothi, kuti sabata iliyonse muzingokoka chingwe. Mizere isapose masentimita 12. Laimu wa omanga nyumba amawotcha khungu la munthu amene wagwerapo ali ndi thukuta, ndipo akalowa m'maso ndi zoopsa. Phulusa losefa bwino ndi lotetezeka, kungoti limafuna kubwereza m'mawa wa tsiku lomwelo. Pamene pamaima goloboyi pamakumbika chaka chilichonse, mvula ikagwa pamasanduka chithaphwi. Kwirirani ndi dothi losakaniza ndi mchenga, sindirani bwino. Maukonde azichotsedwa mpira ukangotha, kupanda kutero dzuwa, mbuzi ndi ana adzagawana.

Katundu wa timu amatha mwakachetechete. Jezi imodzi yapita ndi wosewera amene wakwiya, ina yavalidwa ku bonanza ya kumudzi, pofika Ogasiti nambala 7 ndi 10 kulibe. Lamulo likhale limodzi: mpira ukatha jezi 18, akabudula 18 ndi masokosi onse abwerere m'chikwama, awerengedwe galimoto isananyamuke. Mitundu ikhale iwiri yosiyana kwenikweni, chifukwa mukafanana ndi anzanu woyimbira sayambitsa masewero. Mpira wa saizi 5 umapopedwa pakati pa 0.6 ndi 1.1 bar pa geji yoyezera mpweya. Pabwalo louma la miyala musaufikitse kumapeto, umang'ambika msoko. Singano ya pampu muziinyowetsa musanailowetse, apo ayi valavu imabooka ndipo mpira watsopano umayamba kuphwa wokha. Mipira iwiri yabwino isungidwe ya masewero okha.

Tsiku lamasewero anyamata adye nsima maola atatu mpira usanayambe. Ngati muyamba 2:30, mbale zikhale zitatsukidwa pofika 11:30. Nsima ya 1 koloko ndi imene imagwira anthu m'mimba chigawo choyamba. Madzi akhale zigubu ziwiri za malita 20, zitatu mu Okutobala, makamaka mukapita ku Chikwawa, Nsanje, Salima kapena Karonga kumene dzuwa limaphika. Mu lita imodzi ya madzi abwino mukathira masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, mwapanga chakumwa chobwezeretsa zimene thukuta lachotsa. M'chikwama cha chithandizo mukhale mabandeji, pulasitala, magolovesi, sizasi ndi madzi oundana m'kabokosi. Pobinya ikani madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20, musasisite. Amene wagunda mutu n'kuyamba chizungulire atuluke, asabwererenso tsiku limenelo ngakhale alire. Amene akudandaula khosi asanyamulidwe manja ndi miyendo ngati thumba, monga timaonera kawirikawiri. Nambala ya galimoto yothamangira kuchipatala idziwike mpira usanayambe.

Pali mapointi ena amene amatayika patebulo. Wosewera aliyense alembetsedwe mu Mpira Connect, kaundula wa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi dzina ndi tsiku lobadwa zofanana ndi za pachiphaso chake. Mlembi azisunga yekha chiwerengero cha makadi achikasu ndi ofiira, asadalire kukumbukira kwa kochi. Kuseweretsa munthu woletsedwa, kapena mlendo wobwereka pa khadi la mnzake, kumapambanitsa Lamlungu n'kuluzitsa Lachinayi anzanu akadandaula. Kulembetsaku kulinso ndi phindu lina limene ambiri salidziwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontirakiti, magawo 5 pa 100 a mtengowo agawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu imene inamulera koma siinamulembetse ilibe poyambira. Mnyamata wanu akatengedwa ndi Nyasa Big Bullets, Mighty Wanderers kapena Silver Strikers, musamutsekereze, koma mgwirizano ulembedwe, ndipo mupemphe gawo la mtengo akadzagulitsidwanso. Mipira khumi ndi jezi zakale si mtengo wa munthu.

Za kumenya oyimbira ndi kuthira zamakhwala pagolo sindichulukitsa. Chindapusa chake chimadya ndalama ya maulendo, ndipo bwalo likatsekedwa ngakhale masewero a pakhomo amasanduka ulendo. Sankhani masapota khumi odziwika, akuluakulu aulemu wawo, avale zowazindikiritsa, azikoka chingwe mamita awiri kapena atatu kuchokera pamzere ndipo aziperekeza oyimbira mpaka pamsewu.

Timu ikagonja kanayi motsatizana, pa gulu la WhatsApp pamadzaza mawu akuti kochi achoke, ena akuti masewero agulitsidwa. Musanathamangitse munthu amene mwina sakulandira ngakhale kalikonse, tsegulani buku la maphunziro. Kodi Lachiwiri ndi Lachinayi kumabwera angati? Osewera a maligi amenewa ndi a kabaza, amakaniko, ana asukulu ndi alimi. Masana amene ali kubwalo ndi ndalama imene sanapange. Mu Novembala mvula ikayamba, theka limakhala kumunda, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ligi imafika pothera. Nthawi zambiri mupeza kuti bonasi ya masewero atatu apitawo sinaperekedwe. Bonasi yochepa yoperekedwa madzulo omwewo imagwira ntchito kuposa yaikulu yolonjezedwa. Musalonjeze imene mulibe.

Kukwera ndiye kumafuna mtima wozizira, poti walira mvula walira matope. Kuyambira 2025 pakati pa maligi a m'zigawo ndi Super League pali National Division League, ndipo ukangochoka m'chigawo maulendo amakhala a dziko lonse. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800, kutanthauza kugona panjira ndi chakudya cha masiku atatu. Mu Super League muli matimu 16, masewero 30, ndipo FAM imafuna chiphaso cha kalabu: makontirakiti a osewera, mabuku a chuma, kochi wa mapepala oyenera, timu ya achisodzera ndi bwalo lovomerezeka. Chitipa United, imene yakhala ikukwera ndi kutsika, inkasewerera masewero ake a pakhomo pa Karonga Stadium, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kwawo. Ganizirani sapota wa ku Chitipa amene ankangoyenda wapansi kukaonera, kenako n'kumafunika thiransipoti. Cholakwa chofala ndi kutaya anyamata amene anakweza timu n'kulemba akuluakulu otha ntchito a m'tauni pa malipiro amene simungakwanitse miyezi itatu. Onjezerani anayi kapena asanu m'malo amene mukuperewera, otsalawo akhale omwewo.

Mukatsika, itanani msonkhano pasanathe masabata awiri, mkwiyo usanasanduke mphwayi. Katundu yense abwerere ndipo awerengedwe. Ngongole zonse zilembedwe pa bolodi: mwini minibasi, mayi wophika, mabonasi a osewera. Yambani kubweza ya mwini minibasi, chifukwa mudzamufunanso. Lankhulani ndi osewera mmodzimmodzi, mudziwe otsala. Zopereka za mwezi zisaime mu Januwale ndi Febuluwale ngakhale ndi miyezi yovuta pakhomo, zitsike ndi theka ngati kuli kofunika, poti ndalama yolembetsera ligi imafunika mpira usanayambe. Miyezi yomweyo ndi yodzala kapinga pamalo onse amene anayera, makamaka kutsogolo kwa magolo ndi pakati. Dzalani mizere yotalikirana chikhatho chimodzi, zingani ndi minga kuti ng'ombe ndi ana asapondepo kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo maphunziro oyamba achitikire mbali ina ya bwalo.