Zimene matope a pansi pa nyanja yathu akunena

Abale anga a kuno ku Mangochi, nkhani iyi yandikhala pamtima. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope amene anaunjikana kwa zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo anaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa, madzi a m'nyanja anatsika mamita mazanamazana. Apo chilengedwe chinkasintha pachokha.

Koma m'matope omwewo mulinso makala. Ofufuza amati anthu a cha ku Karonga ankatentha tchire zaka pafupifupi 85,000 zapitazo, moti nkhalango sizinabwererenso mwakale ngakhale mvula itachuluka. Tangoganizani, anthu ochepa chabe, zida zawo zamiyala!

Chimene chikundiopsa ine ndi liwiro la masiku ano. Dziko lili ndi zaka 4.5 biliyoni, ife anthu tangokhalapo zaka pafupifupi 300,000. Mafakitale asanayambe, mpweya wa carbon dioxide, umene umatenthetsa dziko, unali magawo 280 pa magawo miliyoni aliwonse a mpweya wa mumlengalenga, lero wadutsa 420. Wambiri wachokera kumayiko olemera, n'zoona, koma nafenso tili ndi mbali yathu. Chambo cha ku Malombe chinachepa makolo athu akuona. Mapiri tawameta chifukwa cha makala, mvula ikagwa dothi limakokolokera mu Shire limodzi ndi majumbo amene sawola.

Mu 2024 akatswiri a miyala anakana kuvomereza kuti nthawi yathu ino ipatsidwe dzina loti Anthropocene, kutanthauza nyengo imene munthu ndiye akusintha dziko. Ine sindikugwirizana nawo. Abwere adzaone zinyalala za pagombe pathu mvula yoyamba ikangogwa.