Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kafoni ka Achimwene

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Uthenga uliwonse ndinauwerenga, ngakhale kuyankha onse kunandikanika. Chimene sindinayembekezere n'chakuti ambiri simunafunse za matenda a achimwene kapena za mkangano wa katundu uja. Munafunsa za kafoni kakuda ka malemu achimwene kamene alamu anandifumbatitsa tsiku lomwe ndinkanyamuka. Ena mwandiuza kuti muli nako kotere m'kabati, kanali ka mayi anu, kanali ka bambo a ana anu, ndipo mukuopa kukayatsa. Chifukwa cha inu, nkhani ya moyo wanga iyambe yaima kaye lero. Mukudziwa kale kuti ndinatha zaka zisanu ndi zitatu ndili weramu pa tebulo lokonzera mafoni. Zimene ndinaphunzira pamenepo ndi zimene ndikupatseni.

Kafoniko ndi Sony Ericsson W810i, kamene kanatuluka mu 2006. Mkulu wake ndi W800i ya mu 2005, yoyera ndi yaolenji ija, foni yoyamba kutchedwa Walkman, dzina limene Sony inayamba nalo mu 1979 pa kamakina ka kaseti komvera m'makutu. W810i imalemera magalamu 99 okha, sikirini yake ndi ya timadontho (pixels) 176 kwa 220, kamera ya 2 megapixel. Mafoni ambiri a nthawi imeneyo ankaimba nyimbo ngati ntchito yongowonjezera. Iyi anaimanga moyambira pa nyimbo, zina zonse n'kumatsatira pambuyo.

Umboni wake uli pa mabatani. Kutsogolo kuli batani laolenji la chizindikiro cha Walkman: ukalidina, kaya unali pakati polemba uthenga, nyimbo zimatseguka pomwepo, ukadinanso umabwerera pomwe unali. M'mbali muli batani loyambitsa ndi kuimitsa nyimbo, komanso okweza ndi kutsitsa mawu, amene ukawagwirira kanthawi amalumphira ku nyimbo ina. Munthu amachita zonsezi dzanja lili m'thumba, maso ali kutsogolo. Wina akakuimbira, nyimbo imaima, mukamaliza kulankhula imapitirira pomwe inalekezera. Kwa inu amene munalemba kuti foni iliyonse ya lero imachita zimenezi bwino kuposa, sindikukana kuti ya lero ili ndi nyimbo zambiri. Koma galasi losalala silimva chala chonyowa, ndipo silikuuza pomwe chala chili ngati sukuyang'ana. Batani limakuuza.

Batire lake ndi BST-37, la 900 mAh. Poyerekeza ndi 5,000 mAh ya mafoni ambiri a masiku ano, n'kadontho chabe. Koma kasikirini kakang'ono kamadya moto pang'ono, ndipo kumbuyo kulibe mapulogalamu okoka intaneti usiku wonse. Poyatsa, foni imakufunsa ngati ukufuna foni yonse kapena nyimbo zokha. Ukasankha nyimbo zokha, mbali yosaka netiweki imakhala yozima, ndipo mbali imeneyo ndi imene imameza moto kwambiri pamalo pomwe netiweki ikuvuta. Batire likafooka, umatsegula chivundikiro ndi chala n'kuikamo lina. Palibe guluu woti usungunule.

Mahedifoni amene ankabwera nayo, HPM-70, ndi a zigawo ziwiri. Chigawo chapansi chili ndi maikolofoni ndi kabowo ka 3.5 mm, kotero kuti chapamwamba chikaduka umalowetsa mahedifoni ena alionse. Timphira ta m'makutu tinkabwera tosiyana kukula. Sankhani kotseka khutu bwino, chifukwa kakachepa besi yonse imathawira kunja ndipo mudzaiimba mlandu foni pachabe. Mega Bass, yokwezera besi, ndi yokoma pa nyimbo yojambulidwa bwino, koma pa fayilo yopanikizidwa kwambiri imangophokosera, ndipo pa kasipika ka foni imachita kulirima ngati chitini. Waya wa mahedifoni ndi umenenso umagwira ntchito ya eriyo: popanda kuulumikiza, wailesi ya FM siyaka.

Tsopano posungira. M'kati mwa foni muli malo a 20 MB basi. Nyimbo ya MP3 ya mphindi zinayi pa 128 kbps (mlingo wa kapanikizidwe ka fayilo) imatenga pafupifupi 3.8 MB, choncho m'katimo mumalowa nyimbo zisanu. Zonse zimadalira memori khadi yotchedwa Memory Stick PRO Duo, yolowera m'mbali. Ya 512 MB imene inkabwera ndi foni imanyamula nyimbo zoposa 120 pang'ono pa 128 kbps, ndipo mukakweza kufika pa 192 kbps zimatsika kufika cha m'ma 85. Apa ndi pomwe payambira zofooka. Khadi imeneyi si microSD imene aliyense ali nayo, ndi mtundu wa Sony. Zachinyengo zinachuluka kwambiri: pamwamba palembedwa 4 GB, kompyuta ikuonetsanso 4 GB, koma m'kati malo enieni ndi ochepa, ndipo mukadutsa malirewo nyimbo zimaoneka pa mndandanda koma osaimba. Njira yoyesera ndi imodzi: dzazani khadi mpaka pakamwa, kenako tsegulani mafayilo omalizira kulowa. Khadi yatsopano muifomate m'foni momwemo, osati pa kompyuta, kuti foni ipange yokha mafoda amene imawadziwa. Dziwaninso kuti imasanja nyimbo potengera dzina la woimba lolembedwa m'kati mwa fayilo, osati dzina la fayiloyo. Ngati m'katimo mulibe kanthu, nyimbo zanu zonse zimaunjikana pamodzi.

Chofooka chachikulu chili pansi pa foni. Pali khomo limodzi lokha, lotchedwa Fast Port, ndipo chaja, mahedifoni ndi waya wa kompyuta zonse zimalowera pomwepo. Si bowo lakuya, ndi mzere wa tizitsulo tagolide tili pamtunda, ndipo pulagi imagwira ndi timano tiwiri m'mbali. Ganizirani foni imene imakhala m'thumba tsiku lonse, mahedifoni ali cholumikiza. Munthu akamayenda, pulagi imagwedezeka, timano tija timatha pang'onopang'ono. Thukuta limafika pa tizitsulo, fumbi la m'thumba n'kumatirira, kenako pamabwera dzimbiri lobiriwira. Zizindikiro zake zimabwera motsatana. Poyamba khutu limodzi limazima mpaka mutagwira waya. Kenako nyimbo imangoima yokha, chifukwa foni ikuganiza kuti mwazula mahedifoni. Nthawi zina zimatembenuka: mahedifoni mulibe koma foni ikuti alimo, ndiye wina akaimba simumumva. Chomaliza ndi chaja, imene imayamba kugwira pokhapokha mutaitsamiritsa pa chinthu. Khomo limodzilo likafa, mahedifoni, moto ndi njira ya waya yotulutsira zinthu zimafera limodzi.

Kawirikawiri silinafe, langoda. Chotsani batire. Tengani mswachi wofewa, muunyowetse pang'ono ndi isopropyl alcohol (sipiriti wotsukira zamagetsi), mutsuke tizitsulo motsata mzere, muchitenso chimodzimodzi pa pulagi. Dikirani mphindi khumi kuti paume. Musagwiritse madzi, musapale ndi singano kapena lezala, chifukwa golide uja ndi wopyapyala ndipo akachoka dzimbiri limabwerera msanga. Ngati timano ta pulagi tathyoka, vuto ndi waya, osati foni.

Amene muli ndi W800i kapena K750i muli ndi vuto lina, la kandodo koyendetsera kapakati kaja. Fumbi limalowa pansi pake, kamayamba kukana mbali imodzi, munthu n'kumakakankha mwamphamvu mpaka kamatheratu. W810i anaichotsera kandodoko n'kuikapo batani lozungulira, ndipo ndi chifukwa chake zambiri zikugwirabe ntchito. Zina ndingodutsamo: Bluetooth yake siitumiza nyimbo ku mahedifoni opanda waya, ilibe Wi-Fi, ilibe 3G. Imadalira netiweki ya 2G, imene mayiko ena anatseka kale, monga Singapore mu 2017. Kumalo otero imasanduka choimbira nyimbo basi.

Ndifike pa chimene ndalembera gawoli. Munawerenga kale mmene mauthenga a achimwene anafufutikira m'kafonika, sindibwereza. Koma ena munalemba kuti n'chifukwa chiyani munthu wodziwa mafoni ngati ine ndinalola zimenezo. Foniyo inapita kwa wokonza wina isanafike m'manja mwanga. Inkakana kuyaka, iye anaiflasha (analembamo mwatsopano pulogalamu yoyendetsa foni), inayaka, aliyense anasangalala. Palibe amene anafunsa kuti kuflasha kumachotsa chiyani. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti vuto linali batire lokha. Batire lokha. Mauthenga onse amene tinkalemberana ali m'chipatala, ndi mawu awo amene anajambula okha usiku wina, zonse zinali m'kati mwa 20 MB muja, osati pa khadi. Nyimbo zawo zilipo, zonse, m'ndondomeko imene anazisanjira. Ndimatha kumva zimene ankamvera, koma iwowo sindingawamvenso. Wokonzayo sindimutchula. Ndimangofuna kuti okonza anzanga amene mukuwerenga muzifunsa kaye musanalumikize waya.

Choncho ngati muli ndi kafoni ka munthu amene anakusiyani, musayambe ndi batani loyatsira. Yambani ndi khadi. Itulutseni, muilowetse mu card reader (kachipangizo kowerengera makhadi) yolandira Memory Stick PRO Duo, mukopere zonse pa kompyuta, foda iliyonse, ngakhale imene simukuidziwa. Zithunzi zimakhala mu foda ya DCIM. Kompyuta ikanena kuti khadiyo ikufunika kufomata, kanani. Kufomata ndiye kufufuta, ndipo khadi yotero nthawi zambiri imatheka kuwerengedwa ndi pulogalamu yobwezeretsa mafayilo, bola musalembepo china chilichonse. Zimene mwakoperazo muzisunge malo awiri osiyana.

Mukatero onani batire. Liikeni pa tebulo losalala n'kulizunguza ndi chala. Likazungulira ngati nguli, latupa: musalitchaje, musaliboole, musalibwezere m'foni. Ngati lili lafulati, yezani ndi mita yoyezera magetsi. Lodzaza limaonetsa pafupifupi 4.2 V. Likatsika pansi pa 3 V, foni imatha kukhala chete ngakhale chaja ili bwinobwino, ndipo apa ndi pomwe anthu amaganiza kuti foni yafa. Pezani BST-37 lina lamoyo muyesere. Ikanimonso SIM khadi, ya saizi yaikulu ija, chifukwa popanda iyo simufika ku mauthenga; ngati yanu ndi yaing'ono, gwiritsani ka adaputa kosathyoka, poti kokhota kamakola tizitsulo ta m'kati.

Ikayaka, musapite ku Master reset, imene imatha kufufuta zonse, ngakhale ikuchedwa motani. Tsegulani mafoda a m'foni, mukopere ku khadi chilichonse chili m'kati: zithunzi, mavidiyo, ndi mawu ojambulidwa, amene amakhala mafayilo a AMR. Mauthenga ndi manambala satuluka mwa njira imeneyi. Mungawatulutse ndi waya wa DCU-60 ndi pulogalamu ya pa kompyuta monga MyPhoneExplorer, imene inapangidwira mafoni a Sony Ericsson. Tsukani kaye Fast Port musanalumikize, ndipo foni muigoneke pansi osaikhudza, chifukwa waya ukagwedezeka pakati pa ntchito fayilo imaonongeka. Ngati wayayo simukumupeza, musadikire. Tengani foni ina, mujambule sikirini uthenga umodziumodzi, tsiku ndi nthawi zikuoneka. N'zotopetsa, maso amawawa, koma ndi njira imene sidalira khomo lija.

Pomaliza kuisunga, batire likhale ndi moto wa theka, mulichotse m'foni, mulisunge padera pamalo pouma ndi pozizira, ndipo pakapita miyezi ingapo muzilitchajako pang'ono. Mayi amene munalemba kuti kafoni ka mwana wanu kakuonetsa sikirini yoyera yokha, musakapereke kwa aliyense musanatulutse khadi, ndipo mumuuze wokonzayo momveka kuti asaflashe popanda kukufunsani. Gawo likubwerali tibwerera kwa alamu, ndi kalata imene ndinaipeza itapindidwa m'bokosi la foniyo, pansi pa chaja.