Ndinauza mudzi wonse kuti ndiwoneka pa TV Lachinayi, kumeneko ndinalakwitsa

Meseji inandipeza pa WhatsApp Lolemba madzulo ndili kumunda kwa mpunga, foni ili mu jumbo kuopa matope. Ine ndi mlembi wa gulu lathu la alimi kuno ku Nkhotakota ndiye zamakalata zonse zimagwera ine. Anali achemwali ena a ku wailesi ya kanema ku Lilongwe, akuti akufuna munthu wa gulu lathu akayankhule za mbewu ya mpunga, ndipo pansi penipeni anaika kamzere kachingerezi: "Call time 9am Thursday, show is pre-recorded, TX Sunday 7pm." Ine maso anagwera pa Thursday basi, zinazo ndinangodumpha ngati chithaphwi. Usiku omwewo ndinauza amayi, amayi anauza akumpingo, a tcheya anauza amfumu, mpaka mnyamata woonetsa mpira pamsika analonjeza kuti Lachinayi 9 koloko ayatsa jenereta anthu adzandionere.

Ndiye ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa wina wa inu adzaitanidwa tsiku lina ndipo sindikufuna achite manyazi ngati anga.

Ndinanyamuka Lachitatu pa minibasi kudzera ku Salima, ndinagona kwa msuweni ku Area 25, mmawa 8:30 ndili kale pageti. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti call time si nthawi yoti pulogalamu iyambe ayi, ndi nthawi yoti iwe mlendo ukhale utafika. Kujambula kunayamba cha m'ma 11. Maola awiriwo ndinathera pa benchi ndikumwa tiyi komanso kuyankha foni ya amayi amene amati "nanga bwanji pa TV pano pali nyimbo zokhazokha, uli kuti?" Ndinapita kukafunsa achemwali aja, anaseka mpaka kugwira khoma kenako anati bambo, pre-recorded ndiye kuti tikujambula lero koma sitiulutsa lero, tikonza kaye, tidula mokhosomola ndi mobwerezabwereza, anthu adzaonera Lamulungu. TX ija ndi chidule cha transmission, tsiku ndi nthawi yomwe pulogalamu ituluke kupita kwa anthu. Zikanakhala live bwenzi atalemba live, zomwe ife timati pompopompo, pamene ukuyankhula ndi pomwe anthu akukumva, ukalakwitsa walakwitsa palibe chofufuta.

Ndinaimbira mnyamata wa jenereta uja kuti azimitse. Mafuta ake ndinabweza ndekha.

Mawu amene anandisangalatsa ndi broadcast enieniwo. Ine ndinawadziwira ku sukulu pa phunziro la zaulimi osati pa TV, aphunzitsi amati broadcasting ndi kufesa momwaza, umatenga mbewu kapena feteleza m'manja n'kumaponya ponseponse osatsata mizere, ngati mmene ena amachitirabe ndi mpunga kudambo. Ndiye nditamva kuti wailesi ya dziko lonse amati national broadcaster ndinaseka ndekha, koma ndi zoona ndithu, Azungu anatenga mawuwa kumunda pomwe wailesi zimayamba cha m'ma 1920, chifukwa mawu a pa wailesi amamwazika kwa aliyense amene ali ndi chomvera, sasankha khomo. Ife tinasankha kuulutsa, ngati mbalame. Kwa ine kuulutsa kukukoma kuposa, koma n'kutheka kuti ndikukondera. Chinanso, mawuwa sasintha ukamanena zakale, amati "it was broadcast yesterday", ngakhale ena amati broadcasted ndipo palibe amene amawamanga.

Koma mu situdiyo momwemo broadcast sindinaimve kwambiri, onse amangoti air. "We will air it Sunday", "when did it air", ndipo pamwamba pa chitseko pali nyali yofiira yolembedwa ON AIR yomwe ikayaka sulowa, sutuluka, foni uzimitse. Air yomweyi ya mpweya. Pali telecast imene ndi broadcast ya pa TV pokha, koma achemwali aja anati imeneyo imamveka kwambiri kwa Amereka ndi Amwenye, iwo saigwiritsa ntchito. Stream ndi ya pa intaneti, monga akamaonetsa pa Facebook kapena YouTube, ndipo akaulutsa chinthu chimodzi pa TV ndi pa wailesi nthawi imodzi amati simulcast, monga zimakhalira ndi zochitika zikuluzikulu za boma.

Tsopano kulowa. Choyamba anandiyang'ana malaya. Ndinavala shati yanga ya paukwati ya timizere ting'onoting'ono, mkulu wa kamera anangopukusa mutu, akuti timizere totere timavina pa sikirini ngati madzi. Anandibwereka jekete yabuluu. Anatinso ndikanavala zobiriwira zikanavutanso chifukwa khoma la kumbuyo kwathu linali lobiriwira, green screen, ndipo kompyuta imachotsa mtundu umenewo n'kuikapo chithunzi, ndiye ine ndikanaoneka mutu wokha ukuyandama pamwamba pa munda wa mpunga. Kenako mnyamata wina anandilowetsa kawaya mkati mwa shati n'kupanira kamayikolofoni pa kolala, nati sound check bambo, werengani mpaka teni. Ndinawerenga mokuwa ngati ndili pa msonkhano wa pansi pa mtengo, iye anachotsa mahedifoni msangamsanga akutsinzina, anati ayi yankhulani mmene mumayankhulira kunyumba.

Munthu amene umamumvera mu situdiyo si wofunsa mafunso uja, ameneyo ndi presenter, ntchito yake ndi kucheza nawe. Producer sumuona n'komwe, amakhala kuchipinda china kodzaza masikirini akuyankhula m'makutu mwa anzake. Wako ndi floor manager, amaima pafupi ndi kamera. Akati standby ndiye khala chete, khala bwino, tatsala pang'ono. Akati rolling makamera ayamba kujambula. Kenako amawerenga five, four, three, ziwiri zomalizazo ndi zala zokha osatulutsa mawu, n'kuloza presenter, kulozako ndiye cue. Ine ndimaganiza kuti akuti queue ya ku banki, ndinatsala pang'ono kuimirira. Akazunguza chala m'mwamba ndiye kuti mangani nkhani nthawi yatha, akati cut zaima.

Tinadula katatu. Koyamba ndinayang'ana kamera m'malo moyang'ana wondifunsa, kachiwiri ndinapereka moni kwa amfumu, a tcheya, abusa ndi akazi anga mpaka mphindi ziwiri zinatha ndisananene za mpunga, kachitatu mimba inalira ndipo kamayikolofoni kaja kanatola. Take two, take three, ulendo uliwonse kuyambiranso. Apa ndinathokoza Mulungu kuti sizinali live.

Titamaliza wina anakuwa kuti it's a wrap, ndiye kuti zatha, ndipo achemwali aja anandipatsa pepala kuti ndilembe dzina ndi udindo wanga m'zilembo zazikulu za lower third, kamzere kaja kamatuluka m'munsi mwa sikirini munthu akamayankhula. Lembani mosamala penipeni apa, chifukwa mmene mwalembera ndi mmene dziko liwerengere. Anandifunsanso ngati tili ndi footage ya kumunda, ine ndinayang'ana mapazi anga, koma amatanthauza mavidiyo, akuti mawuwa anachokera kale pomwe filimu inali tepi yaitali yoyezedwa m'mafiti. Ndinawatumizira atatu a mufoni, anagwiritsa ntchito imodzi chifukwa awiriwo ndinajambula foni itaima, pa TV amafuna yogoneka.

Musanachoke funsani slot, tsiku ndi ola lenileni, komanso funsani ngati pali repeat, kuonetsanso pulogalamu yomweyo kachiwiri. Ine ndinafunsa ndipo zinandipulumutsa, chifukwa Lamulungu 7 koloko anthu atadzaza mu shedi ya pamsika jenereta inakana kulira mpaka 7:40, tinangopeza mayina akukwera kumapeto. Repeat inali Lachitatu masana. Amayi anakhala kutsogolo penipeni, amene anaona TV koyamba atakula kale poti kuno wailesi ya kanema ya TVM inangoyamba mu 1999, anaonera mphindi zonse osayankhula, itatha anatembenuka n'kundifunsa kuti jekete imeneyo ndi ya ndani.