Mpiru wa kuseri kwa nyumba watibwezera ngongole

Sabata yathayi tamaliza kubweza ngongole yonse ya dimba lathu, ndiye ndati inu amene mumatigula masamba mudziwe kumene tachokera. Ena mumaganiza kuti tili ndi munda waukulu kumudzi. Ayi ndithu. Ndi kuseri kwa nyumba ya lendi konkuno ku Area 25 mu Lilongwe, pamalo pamene kale tinkayanikapo zovala.

Za bizinesi sitinkaziganiza n'komwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu pamsika wa Nsungwi zinakwera mochititsa mantha, mpukutu wa masamba n'kumaonda pamene mtengo wake ukunenepa. Bambo a kunyumba anati tiyeni tidzale timasamba tathu, ndalama ya ndiwo izipita ku sopo. Ine ndinakulira m'tauni, khasu ndinalisiyira kupulaimale. Amene anatiyika pamzere ndi apongozi anga, omwe anabwera kuchokera ku Dedza mvula itangosiya mu Epulo 2024. Anatiphunzitsa kukonza nazale: mbewu osaizamitsa, kuphimba ndi udzu, zikangomera udzuwo kuuchotsa, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi kuwokera madzulo dzuwa litapepa. Feteleza wa thumba lathunthu sitikanamukwanitsa, choncho tinapanga manyowa a Mbeya: gaga, phulusa, zitosi za nkhuku ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati kwa masiku 21.

Woyamba kucha anali bonongwe. Mwezi usanathe chifesereni tinali titayamba kuthyola. Tsiku limenelo ndinaphika wotendera, ndipo ana amene amakana masamba anapempha nsima ina, kaya chifukwa chokoma kaya chifukwa choti anathirira okha. Kuzizira kwa Juni kutafika, mpiru, repu ndi chayinizi zinachita kuphulika. Masamba a repu aakulu kuposa chikhatho cha bambo awo, obiriwira bii, ukawathyola akulira kuti phwa. Apongozi anali atatiuza kuti tizithyola a m'munsi okha n'kusiya mtima, ndipo zoonadi, bedi lomwe wathyola Lolemba pofika kumapeto kwa sabata ladzazanso. Tinadya, tinapatsa abale, tinafutsa, koma masamba osatha.

Kasitomala wathu woyamba anali mayi woyandikana nafe nyumba. Anasuzumira pampanda n'kupempha mpiru wogula. Ndinafuna kuwapatsa ulere, iwo anakana. Anati, "Asisi, mukandipatsa ulere lero, mawa ndichita manyazi kubweranso. Landirani." Ndalama imeneyo inali yochepa, koma sindinaigwiritse ntchito msanga, ndinkangoiyang'ana. Mayiwo anauza anzawo a kumpingo, anzawowo anauza ena, ndipo mwezi wa Julayi usanathe pageti pathu m'mawa pankakhala anthu.

Chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa ndi tomato. Makasitomala ankafunsa kuti masamba opanda tomato aphika bwanji, ndiye tinaganiza zowonjezera mabedi ndi kugula migolo yosungira madzi. Ndalama tinakongola kwa bambo wina wa katapila, ndipo mbewu tinagula m'sitolo ina ya zaulimi m'tauni, paketi yolembedwa bwinobwino kuti Tengeru 97. Theka silinamere. Zimene zinamerazo zinabereka timatimati ting'onoting'ono tosiyanasiyana maonekedwe, ndipo apongozi atationa anangopukusa mutu n'kunena kuti uyu si Tengeru. Nditabwerera kusitoloko ndi paketiyo, mwini wake anandiuza kuti vuto ndi dothi langa. Dothi lomwelo lomwe linabereka repu wodyetsa mzere wonse wa nyumba! Bambo inu, ngati mukuwerenga, ife tinasiya kukudandaulani, koma amayi onse a mdera lathu amene anayamba madimba pambuyo pathu akudziwa khomo loti asalowepo.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala. Kachilombo kotchedwa kangaude wofiira kanalowa mu tomato wotsalayo, masamba anachita chikasu n'kuuma, mpiru unathamangira kuchita maluwa, ndipo madzi pampopi ankatuluka pakati pausiku basi. Tinkadzuka kukatunga anthu ali mtulo. Ndiye nthawi yomwe a katapila aja anafika ndi mnyamata wonyamula katundu, akuti atenge filiji. Chiwongoladzanja chinali chitaposa ndalama imene tinatenga. Munthu amene podzakongoza ankatitchula kuti achemwali, tsiku limenelo ngakhale moni sanapereke. Ndinalira, sindibisa.

Anatipulumutsa ndi amayi a banki m'khonde. Anakhala pansi Lachinayi la sabata yomweyo n'kugwirizana zondibwereka ndalama yoti ndithane ndi bamboyo. Mvula itagwa tinabwerera ku zimene timazidziwa: nkhwani, chisoso, bonongwe, therere, ndi mfutso wa m'mapaketi. Nsabwe za m'masamba timathana nazo ndi madzi a masamba a nimu osinja, ndipo tikapopera mankhwala a m'sitolo, bedi limenelo sitithyolamo mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana. Masamba amene mumagula kwa ife ndi omwewo amene ana athu amadya.

Ndiye ndithokoze. Apongozi anga, amayi, popanda inu tikanangokumba maenje. Bambo a kunyumba, amene mumanyamula kheni musanapite kuntchito ndipo simunandinenepo ngakhale tsiku limodzi za ngongole ija. Amayi a banki m'khonde, Mulungu akudalitseni mmodzimmodzi, munandikhulupirira dimba lili louma. Alandilodi athu, amene munalola kuti tikumbe kuseri ndipo simunakweze lendi mutaona anthu pageti. Achimwene a kabaza, amene mumafikitsa masamba asanafote ngakhale kunja kuli matope. Anzathu oweta nkhuku omwe mumatisungira zitosi. Mayi a pampanda aja, ndinu munayambitsa zonsezi. Ndi inu nonse amene munapitiriza kugula nthawi imene mipukutu yathu inachepa, osatinyoza.

Panopa tili ndi repu, mpiru, chayinizi, bonongwe, anyezi wa masamba ndi mfutso wa nkhwani. Tayambanso kugulitsa mbande zowokera kwa amene mukufuna kuyamba kadimba kanu, ndipo mukagula timakuuzani kadzalidwe kake popanda kulipira. Tumizani oda yanu pa WhatsApp madzulo, ife timathyola m'bandakucha, masamba n'kukupezani musanateleke nsima. Timafika ku Area 25 yonse, Area 49 ndi Area 18, kwina timagwirizana za kabaza. Mutha kulipira pa Airtel Money, Mpamba kapena pamanja. Eni malesitanti ndi okonza maukwati, tiuzeni kudakali sabata kuti tikusungireni bedi. Basela alipo kwa aliyense wotenga mipukutu isanu.