Mlamu anandikokera ku Hout Bay

Ndinafika ku Cape Town ndikungodziwa zamagetsi a m'nyumba, zomwe ndinaphunzira kwathu ku Nkhotakota. Mlamu wanga ndiye anandikokera ku doko la Hout Bay, komwe asodzi a nsomba yotchedwa snoek ankasowa wowakonzera mawaya odyeka ndi mchere. Lero tilipo atatu, ndipo chomwe chimatidyetsa kwambiri ndi kuika AIS m'maboti.

AIS ndi kawailesi komwe chombo chimadziulula nako kwa zombo zina: dzina, pomwe chili, liwiro, komwe chalunjika. Mauthengawo amayenda pa mafunde a wailesi otchedwa VHF, pa 161.975 ndi 162.025 MHz. Sitima yaikulu ikamayenda imalengeza pakangotha masekondi 2 mpaka 10, ndipo chombo chilichonse chimaoneka pa skirini ngati kachizindikiro ka ngodya zitatu.

Poyamba ndinkaganiza kuti ntchito yanga imathera pomangirira eriyo. Anandiphunzitsa ndi bambo wina wa boti loyendetsa alendo, yemwe anabwera nkhope ili gwa. "Mwandiikira chinthu chongolira," anatero. Akangolowa mu Table Bay, pomwe pali doko lalikulu la Cape Town, skirini inkadzaza: sitima zoima pa nangula, maboti okoka sitima, opita ku Robben Island, ndi ena ambirimbiri omangidwa ku doko la V&A Waterfront. Mapu osaonekanso. Alamu yochenjeza za zombo zoyandikira inkalira osapuma mpaka anangoithimitsa, ndipo ndi zomwe zinandiopsa ine. Komanso makina awo oonetsera zombo pa skirini anali akale, ali ndi malire a zombo zomwe angasunge. Akadzaza zina sizioneka, ndipo sakufunsa kuti asiye chiti.

Tinalowa nawo panyanja m'mawa wina kuli chifunga. Tinachepetsa mtunda woonetsa zombo, tinabisa mayina kuti azituluka pokhapokha wadina chombocho, alamu tinaitchera kuti izilira ngati chombo chidutse pafupi kuposa theka la mailo m'mphindi 10 zikubwerazo. Ulendo wonse inalira kawiri basi.

Pa zobisa zombo zoima timakanganabe ndi mlamu. Iye amati zichoke zonse. Ine ndimakana, chifukwa chombo choima chimalengeza pakatha mphindi 3, ndiye chikazula nangula utha kuchiona mochedwa. Ndipo timaboti tambiri ta asodzi tilibe AIS n'komwe, tioneni ndi maso.

Tsopano aliyense tikamuikira makina timapita naye panyanja kamodzi, osamulipiritsa. Bambo aja anabweranso patatha sabata, atanyamula snoek ziwiri zokulunga m'nyuzipepala, ndi mnzawo wa vuto lomwelo.