Mwana asanatchedwe mbuli: momwe ndimamupezera thandizo kusukulu kuno kuchigwa cha Shire

Mphunzitsi akandiuza kuti m'kalasi mwake muli mwana wosagwira zinthu, sindithamangira kulemba dzina lake m'kaundula wa ana aulumali. Ndimayamba ndamulankhula m'Chisena. Ana ambiri a ku Nsanje ndi kumunsi kwa Chikwawa amalowa Sitandade 1 akudziwa Chisena chokha, pomwe mabuku ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Akayankha bwino m'chilankhulo cha kwawo, nthawi zambiri vuto limakhala chilankhulo, osati mutu wake. Ameneyo ndimapempha kuti akhale pafupi ndi mnzake wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, basi.

Akapanda kuyankha, ndimayesa maso ndi makutu. Tchati cha chilembo E ndimachipachika pamthunzi, mwana n'kuima mamita 6 kuchoka pamenepo, diso limodzi ataphimba ndi chikhatho koma osalitsindika. Ntchito yake ndi kuloza komwe miyendo ya chilembocho yayang'ana, ndiye ngakhale wosadziwa kuwerenga amayesedwa. Pa makutu ndimaima kumbuyo kwake n'kunong'ona mawu odziwika, khutu lina atatseka. Musawombe m'manja. Mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso, amatembenuka poona chithunzithunzi chanu, inu n'kumati akumva. Ndimasuzumiranso ngati khutu likutuluka mafinya, chifukwa ambiri amagonthera pamenepo, chonsecho ndi matenda ochizika.

Izi si zachipatala ayi, n'zongondilozera kopita. Ndimaitana kholo kapena amalume a mwanayo abwere ndi kabuku ka kuchipatala, n'kufunsa ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena ngati amagwa khunyu. Ahedi amalemba kalata yopita nayo kuchipatala chaching'ono, komwe amatumiza kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Za makutu zovuta ndi maso ofunika opaleshoni zimakathera kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Apa m'pomwe ambiri amagwa ulesi poganiza za thiransipoti, choncho ndi bwino gulu la amayi a pasukulu ndi komiti adziwe msanga. Chinthu chimodzi musachoke kuchipatala osachiona: adokotala alembe m'kabukumo dzina la vuto, osati mankhwala okha. Tsamba limenelo ndimalijambulitsa kawiri, lina lisungidwe kwa ahedi, lina kunyumba m'pepala lapulasitiki. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 akudziwa chifukwa chake.

Kuchoka apo ahedi amatengera nkhaniyi kwa a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale a m'deralo, ku TDC komwe aphunzitsi amachitira maphunziro awo, iwo n'kuipititsa ku ofesi ya maphunziro ya boma, komwe kuli woyang'anira maphunziro a ana aulumali. Mphunzitsi amene anaphunzira ntchitoyi, ambiri amachokera kukoleji ya Montfort ku Nguludi, ndiye amaunika ngati mwana akhale pasukulu yomweyo kapena asamuke. Wosaona konse amafunika kukaphunzira zilembo za Braille, zomwe ndi timadontho 6 towerenga ndi nsonga za zala, ndipo kuno timadalira masukulu a Makande ku Ngabu ndi Lulwe ku Nsanje. Wosamva konse amafunika chilankhulo cha manja, monga ku Maryview ku Nguludi kapena Mountain View ku Bvumbwe. Koma mwana wamng'ono yemwe amaona zilembo zikuluzikulu sindikonda kumuchotsa pakhomo pa amake. Kukhala kutsogolo, choko choyera pa bolodi yopakidwa bwino, ndi mphunzitsi wotchula mokweza zomwe akulemba, zimamukwanira.

Mwana wachialubino amaona movutika ndipo kuwala kumamuthobwa m'maso. Asakhale moyang'anizana ndi zenera, ndipo aloledwe kuvala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu ikukana. Dzuwa la Okutobala kuno limapyola madigiri 40, ndiye kalasi ya pansi pa mtengo kapena chibalo cholima masana ndi zomuwononga khungu. Mafuta oteteza khungu akafunsidwe kuchipatala cha boma.

Pomwe ntchito yonseyi imatayikira kawirikawiri ndi mu Sitandade 8. A MANEB, bungwe loyendetsa mayeso a boma, amakonza mapepala a Braille, a zilembo zikuluzikulu komanso nthawi yowonjezera, koma amakonzera okhawo amene sukulu inawatchula polembetsa mayeso. Dzina likapita lopanda chizindikiro, tsiku la mayeso mwana amalandira pepala wamba, ndipo woyang'anira mayeso alibe mphamvu yosintha. N'chifukwa chake teremu yoyamba ndimakhala pansi ndi ahedi, tsamba la adokotala lili pambali, n'kuonetsetsa kuti mtundu wa pepala walembedwa. Mndandanda wa mayina ukabwera woti ana atsimikize, ndimauwerenganso ndekha mzere ndi mzere asanasayine.