R122H ndi trypsin yokana kuzima

Mtima wakhala pansi tsopano pa nkhani ya PRSS1, jini ya cationic trypsinogen ya pa chromosome 7. Trypsinogen imapangidwa ndi kapamba (pancreas), ndipo ikayaka imasanduka trypsin, enzyme yogaya mapuloteni. R122H ndi kusintha kwa jiniyi komwe kumaika histidine m'malo mwa arginine pa amino acid ya nambala 122, n'kubweretsa matenda otupa kapamba otengera kumtundu (hereditary pancreatitis). Chinkandizunguza n'chakuti R122H amaitcha gain of function (ntchito yowonjezeka), chonsecho trypsin yake sigaya mapuloteni mwamphamvu kuposa yabwinobwino. Kani chomwe chawonjezeka ndi nthawi yomwe imakhala yoyaka.

Za enteropeptidase, enzyme yomwe imayatsa trypsinogen mu duodenum (chiyambi cha matumbo aang'ono), mukuzidziwa kale anzanga. Chofunika n'choti trypsinogen ina pang'ono imayakiratu m'kapamba momwemo, ndipo trypsin iliyonse yomwe yayaka imayatsanso inzake. SPINK1, puloteni yotsekereza trypsin, imagwira yoyambirirayo, koma imangokwanitsa pafupifupi 20% ya trypsin yonse yomwe ingapangike. Ikalephera, chotsala ndi kuphwanya molekyuluyo: chymotrypsin C (CTRC) imadula pa Leu81 (leucine ya pa 81), trypsin n'kudula pa Arg122 (arginine ya pa 122), basi yatha ntchito. Apa ndiye pagona nkhani. Trypsin imadula pambuyo pa arginine kapena lysine pokha. Pa 122 pakakhala histidine, ilibe podula. Imachulukana, imayatsa chymotrypsinogen, proelastase ndi zinzake, kapamba n'kuyamba kudzigaya yekha.

Ine ndimati palibe njira yoposa kujambula ndi pensulo. Lembani mzere umodzi wa puloteniyo, ikani chizindikiro pa malo atatu: kachidutswa koyatsira ka ma amino acid 8, Leu81 ndi Arg122. Kenako fufutani Arg. Mukatero simudzalowezanso chilichonse, ndipo kusintha kwina monga N29I mudzakhala ndi pokuika.

Zimandipweteka kuti aphunzitsi amathamangitsa mutuwu pa silaidi imodzi, mndandanda wa mayina okhaokha, nthawi n'kutha. Sanena n'komwe kuti R117H ya gulu la David Whitcomb mu 1996 ndi R122H yomweyi, anangowerengera manambala potsatira chymotrypsinogen. Wophunzira amaloweza ziwiri ngati zosiyana.

Kuchipatala zimaoneka chonchi: mwana wa zaka 10 kapena 12 akubwerabwera ndi ululu wa pamwamba pa mimba wolasa kumsana, akusanza, lipase (enzyme ya kapamba) ya m'magazi yakwera kupitirira katatu malire ake, sikani sikuonetsa miyala m'ndulu, mowa samwa. Funsani za makolo, amalume, agogo. Matendawa ndi autosomal dominant, choncho mwana aliyense wa kholo lomwe lili ndi kusinthaku ali ndi mwayi wa 50% wotengera. Zaka zikamapita kapamba amalimba ndi zipsera, chimbudzi chimatuluka chamafuta, elastase (enzyme inanso ya kapamba) ya m'chimbudzi imatsika pansi pa 200 µg/g, shuga amayamba. Chiopsezo cha khansa ya kapamba chimakwera kwambiri, ndipo fodya amachikulitsa, ndiye uphungu wosiya kusuta usamadikire.

Chomwe chikundivutabe ndi penetrance ya pafupifupi 80%, kutanthauza kuti mwa anthu 100 omwe ali ndi kusinthaku, pafupifupi 80 okha ndi omwe amadwala. M'banja limodzi, mkulu ndi mng'ono onse ali ndi histidine pa 122, wina akugonekedwa m'chipatala chaka ndi chaka, mnzake wafika ukalamba osamvapo ululu. Pa pepala langa lija mzere wawo ndi umodzi womwewo. Kodi ndi SPINK1 ndi CTRC zawo zomwe zikusiyana, kapena calcium wa m'maselo, kapena zomwe amadya ndi kumwa?